Kope la Sigele

Magetsi athimanso ku Makata konse.
Ndili pageti la fakitale ya eni,
chibonga pamwendo, tochi ya mabatire otopa,
ndipo m'thumba la jekete ndapeza kope la Sigele.
Ndinalitola mofulumira patebulo
poyesa ndi lija ndimalembamo manambala a malole.

Tsamba loyamba wajambula dzuwa,
wachita kuzunguliza chivindikiro cha botolo,
pansi pake walemba: Dzuwa ndi nyenyezi.
Ndaseka mpaka galu wa kuseri kwa mpanda wandiyankha.
Dzuwa londiwotcha dazi pamtunda wa Ndirande
likhale mbale wa timakala tozizira timeneti?
Koma mwanayu wapitiriza:
likuoneka lalikulu chifukwa tayandikana nalo,
zinazo ndi madzuwa a kutali.

Mapulaneti asanu ndi atatu,
akuti onse amazungulira dzuwa limeneli.
Ndaganiza za maminibasi a ku Limbe
pa raundabauti ya ku Chichiri,
kungoti awa sapikisana, saimira paliponse,
alibe kondakitala wolendewera pachitseko.
Ife tili mumzere wachitatu.
Ulendo umodzi, chaka chatha,
lendi yakwera.

Jupita ndiye chimphona,
maiko ngati lathuli oposa chikwi angalowemo.
Ina yavala mphete,
dzina lake sinditchula usiku uno,
likumveka ngati la uja timam'kana kutchalitchi.

Mwezi, akuti, ulibe moto wake,
umabwereka kuwala kwa dzuwa.
Apa ndagwedeza mutu: ndaumvetsa mwezi.
Nanenso jekete ili n'la kampani.

Ndazimitsa tochi, ndayang'ana kumwamba.
Bulantaya akakhala mumdima, thambo limavula malaya.
Kuchoka pamwamba pa Soche kulowera ku Michiru
kwatayika chinthu ngati utsi wosayenda,
uja bambo anga ankautcha mlalang'amba.
Ine ndinkayesa ndi mtambo waulesi.
Sigele akuti ndi nyenyezi mabiliyoni,
zothithikana kuposa malata a kwa Goliyo,
ndipo dzuwa lathu lili momwemo,
osati pakati ayi,
chakumphepete, ngati ife a ku Makhetha
tikamati timakhala m'tauni.

Milalang'amba nayonso ilipo yambirimbiri.
Apa aphunzitsi a Likaomba achonga ndi inki yofiira.
Ine pamenepa mutu waima.
Ndadzuka, ndayendera mpanda,
maloko onse ali bwino.

Tsamba lomaliza lili ndi dontho la tiyi.
Kuwala, akuti, kumayenda ulendo.
Kwa dzuwa kumatenga mphindi zisanu ndi zitatu kuti kutipeze,
kwa nyenyezi zina zaka mazanamazana.
Ndiye kuti zomwe ndikuonazi n'zakale,
zinanyamuka njanji isanafike ku Limbe,
zikungofika kumene usiku uno,
mochedwa ngati malipiro athu,
koma zafika.

Folo koloko magetsi abwera.
Mababu a pampanda ayaka onse pamodzi,
mlalang'amba wafufutika ngati choko pabolodi.
Yatsala imodzi chakum'mawa, cha ku Mpingwe,
yowala, yosaphethira.
Nthanda! Iyi ndiye ndaidziwa kuyambira ndili mwana.
Ndatsegula kope kuti nditsimikize.
Si nyenyezi, walemba Sigele,
ndi pulaneti, neba wathu,
kotentha kosati n'kupondako.
Zaka makumi asanu ndikupatsa moni munthu
ndi dzina lolakwika.

Sikisi ikakwana ndithamanga,
ndiwoloka Nasolo mwana asanavale yunifolomu,
asakakwapulidwe chifukwa cha kope
lomwe lagona kuntchito ndi bambo ake.
Ndikamufunsa chimodzi chokha:
ngati dziko likuthamanga chonchi,
bwanji tiyi wanga sanatayike?

Bwana akafika andifunsa za usiku.
Ndidzati: kunalibe kanthu, bwana,
palibe cholowa, palibe chotuluka.
Sindiwauza kuti fakitale yawo yonse,
malole, geti, ine ndi chibonga changa,
tatembenuka theka la dziko
iwo ali mtulo ku Namiwawa.